Nkhuku ya asewere ku Lyon

Masabata atatu apitawa tsamba lino mudalipeza lopanda ine, ndipo ena mwa inu mwalemba makalata kufunsa ngati ndadwala kapena akonzi andichotsa. Ndili bwino ndithu. Ndidali ku France, mumzinda wa Lyon, pa ntchito yaumalume. Lero ndikufotokozereni za chakudya chimodzi chomwe ndidadya kumeneko, chifukwa chidatsala pang'ono kundilakwitsa pa udindo womwe banja lidandituma.

Nkhani yake ili motere. Mwana wa alongo anga, yemwe bambo ake adatisiya iye ali Sitandade 6, adapita ku France zaka zingapo zapitazo kukaphunzira, ndipo pano akugwira ntchito ku Lyon. Chaka chatha adaimba foni kuti wapeza mnyamata wa komweko ndipo akufuna banja. Kwathu ku Dedza nkhani yotere siithera kwa mayi, mwini mbumba ndi malume. Alongo anga adandiitana n'kundiuza kuti, "Achimwene, pitani mukaone kumene mwanayu akulowa. Mukaone ngati anthuwo ali anthu." Tikiti adagula ndi mwana yemweyo. Ine ndidangonyamula jekete langa la kutchalitchi, nsapato zopolisha bwino ndi ufa woyera makilogalamu asanu.

Ndidakwera ndege ku Lumbadzi, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Paris, kenako sitima yothamanga ija amati TGV, yomwe imatenga pafupifupi maola awiri kufika ku Lyon. Mzindawu uli pamene mitsinje iwiri, Rhône ndi Saône, imakumana, ndipo Afalansa eni ake amauyesa likulu la zophikaphika.

Nditapuma tsiku limodzi, mwana uja adandiuza kuti makolo a mnyamata akonza zoti tikakumane Loweruka madzulo ku lesitilanti. Mtima wanga udagwa pomwepo. Kwathu kuno mlendo wofunika umamulandira pakhomo, umamuphera nkhuku, amaona khitchini yako, ana ako ndi mmene pabwalo pako paseseredwa. Munthu akakuitanira ku lesitilanti, ndiye kuti kunyumba kwake kuli zomwe sakufuna kuti uone, kapena sakukuyesa woyenera kuponda pakhomo pake. Ndidamufunsa mwanayo kuti, "Iwe, kodi anthu amenewa ali ndi nyumba?" Adaseka n'kuyankha kuti, "Amalume, dekhani. Malo amenewo adasungitsa miyezi iwiri yapitayo, atangomva kuti mukubwera." Sindidakhutire, koma ndidakhala chete.

Dzina la malowo sinditchula, tsamba lino si lotsatsira malonda. Ndi nyumba yakale ndithu, ndipo amaphika zachifalansa zachikale. Titangolowa, bambo wina wovala suti yakuda adatilandira majekete akunja, wina adatiperekeza pa tebulo, wachitatu adandikokera mpando. Matebulo adali ochepa, otalikirana, oyalidwa nsalu zoyera zosita bwino. Munalibe wailesi kapena TV yoonetsa mpira. Anthu amayankhula motsitsa ngati ali m'chipinda cha wodwala. Patsogolo panga padali mafoloko atatu kumanzere, mipeni itatu kumanja, supuni, ndi matambula atatu osiyana misinkhu. Mwana uja adandinong'oneza kuti ndiziyambira zakunja kulowera mkati, ndiponso kuti manja azikhala pamwamba pa tebulo. Ine yemwe ndidaphunzitsidwa kuika manja pamiyendo pamaso pa akuluakulu, ndidaona ngati ndikuchita mwano.

Tidali anthu asanu ndi mmodzi: ine, mwana wathu, mnyamata, bambo ndi mayi ake, komanso agogo ake aakazi a zaka zopitirira 80. Adatipatsa menyu, ndipo yanga idalibe mitengo. Ndidasuzumira ya mwana wathu, nayonso idalibe. Mitengo idali pa menyu ya bambo a mnyamata okha. Ndi mwambo wakale wa malo otere, woti mlendo asankhe mosayang'ana thumba la womuitana. Kwa ine zimenezi zidangowonjezera chikaiko. Bambowo adati tonse tidye mndandanda umodzi womwe mkulu wa ophika adakonza, ndipo ndidavomera popeza maina a zakudyazo sindikadawatha.

Choyamba kubwera chidali kambale kokhala ndi tinthu tiwiri tofanana ndi timandasi, koma kukula ngati nthudza. Mkati mudali tchizi. Ndidatidya kamodzin'kamodzi, n'kuyang'ana anzanga, ndipo mumtima ndidati ngati chakudya cha kuno ndi chimenechi, ndigona ndi njala. Apa ndi pomwe ndidalakwira. Mnyamata wina ankazungulira ndi dengu la buledi wotentha, ndipo aliyense akamaliza kake amamuikira kena osafunsa. Pambali padali batala wokoma kwambiri. Ndidaganiza zodziteteza. Pofika nthawi yoti mbale yeniyeni yoyamba ibwere, ndidali nditatsitsa timabanzi tisanu. Akulu adati safunsa adadya phula. Ndikadafunsa, akadandiuza kuti tinthu tija amatitcha amuse-bouche, n'tongotsegula kukhosi, sitili pa menyu ndipo sitiwerengedwa pa bilu. Chakudya chidali chisadayambe.

Kenako kudabwera bambo wina wosamalira vinyo, amene amamutcha sommelier. Ntchito yake ndi yomweyo basi: kugula vinyo, kumusunga ndi kulangiza alendo vinyo woyenerana ndi chomwe akudya. Adatsegula botolo, n'kuthira pang'ono mu tambula ya bambo a mnyamata. Bambowo adanunkhiza, kulawa, n'kugwedeza mutu. Ndinkayesa kuti ndi mwambo wochotsa ufiti monga timachitira ndi thobwa, kuti mwini alawe kaye. Adandifotokozera kuti amafuna kudziwa ngati vinyoyo sadawonongeke ndi chitsekerero chake. Ine sindimwa, ndipo nditanena palibe adandikakamiza. Madzi a pampopi ku France amapereka ulere mu lesitilanti iliyonse ukapempha, koma malo otere amayamba akufunsa ngati ukufuna a m'botolo, ndipo amenewo ndi ogula.

Mbale yoyamba idali nkhono. Inde, nkhono zomwezi timaziponda m'dimba nthawi ya dzinja, ngakhale zakozo ndi zamtundu wina ndipo amazitsuka ndi kuziphika nthawi yaitali. Zidabwera zisanu ndi imodzi, zitamira mu batala wosakaniza ndi adyo ndi timasamba tobiriwira. Agogo aja adandiyang'anitsitsa. Ndidadziwa kuti nanenso ndikupimidwa, osati iwo okha. Ndidakumbuka kuti kwathu timadya mbewa, ngumbi, mphalabungu ndi bwamnoni, zomwe agogowo akadaziona akadathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo ndidaona ndi mkati mwake momwe. Kunena zoona, zimakoma ngati nthutumba yofewa, ndipo chomwe chimamveka kwambiri m'kamwa ndi adyo. Ndidamaliza zonse, agogo aja adamwetulira.

Yachiwiri idali nsomba, koma yosaoneka ngati nsomba. Amatenga mnofu wa nsomba ya m'mitsinje yotchedwa brochet, yomwe ili ndi minga yambiri, n'kuusinja mpaka kusalala, kusakaniza ndi mazira, batala ndi ufa, kenako kuumba ngati mtanda waung'ono wa nsima. Amachitcha quenelle, ndipo ndi chakudya chodziwika cha ku Lyon. Msuzi wake wofiirira amapangira tinkhanu ta m'madzi ozizira ndipo udatenga dzina la tauni ya Nantua. Msuzi umenewu ndi womwe udandiphunzitsa chomwe anthu amalipira m'malo otere. Mnyamata wa mwana wathu adandifotokozera kuti kuphika kwachifalansa kwachikale kwagona pa msuzi. Ophika amayamba m'mawa kuwiritsa mafupa, zigoba ndi masamba kwa maola ambiri, kusefa, kuwiritsanso mpaka mphika wodzaza utsale pansi pokha. Supuni zitatu zomwe zidali m'mbale yanga zidali ntchito ya munthu kuyambira m'mawa.

Pakati pa mbale ndi mbale pamadutsa mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Poyamba ndinkayesa kuti kukhitchini kwavuta, mwina makala atha. Kenako ndidazindikira kuti mpata umenewo amausiyira dala kuti anthu acheze. Mwana wathu ndiye adali womasulira. Bambo a mnyamata adandifunsa za malemu bambo ake a mwanayu, za mudzi wathu, za mvula, ndi chomwe malume amachita m'banja la Achewa. Nditawauza kuti kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo kuti mwana wawo tidzamutcha mkamwini, agogo aja adaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti akadabadwira ku Dedza zikadawakomera.

Ndiye kudabwera nkhuku. Anyamata awiri adakankha katebulo ka matayala, pamwamba pake pali chinthu chotupa ngati mpira wa miyendo, chotuwa. Chidali chikhodzodzo cha nkhumba, ndipo nkhuku yathunthu idali mkati mwake. Amaiphika choncho m'madzi otentha pang'onopang'ono kuti nthunzi ndi fungo zisathawe. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day, mukadzafika malo otere muzifunsa kaye, chifukwa nkhumba ndi vinyo zimabisala m'zakudya zambiri zachifalansa. Mkulu wa operekera zakudya adaboola chikhodzodzocho ife tikuona, n'kuidula nkhukuyo ziwaloziwalo ndi mpeni ndi foloko, osaikhudza ndi dzanja. Pansi pa khungu lake adalowetsamo tizidutswa takuda ta bowa wotchedwa truffe, yemwe amamera pansi pa nthaka pafupi ndi mizu ya mitengo, ndipo amamufufuza ndi agalu ophunzitsidwa. Ndi bowa wodula kuposa nyama iliyonse ya m'butchala.

Nkhuku imeneyi ili ndi kwawo. Imachokera ku Bresse, dera lomwe lili kumpoto chakum'mawa kwa Lyon, ndipo kuyambira 1957 lamulo la dzikolo limateteza dzina lake. Ili ndi nthenga zoyera, lipombo lofiira ndi miyendo yabuluu, mitundu ya mbendera ya France. Kuti itchedwe ya ku Bresse iyenera kukulira komweko, kuyenda pa udzu wosachepera masikweya mita 10 nkhuku iliyonse, kudya chimanga, tirigu ndi zamkaka, ndipo siphedwa isadakwane miyezi inayi. Pamwendo amaiveka kamphete kosonyeza mlimi yemwe adaiweta. Nditamva zimenezi ndidati kodi imeneyi si nkhuku yachikuda yomwe agogo anga ankaweta? Kusiyana kwake n'koti iwo adailembera malamulo ndipo mlimi amalandira mtengo woyenera thukuta lake.

Ndidawafotokozera asewere athu za nkhuku ya pachinkhoswe, mmene akuchimuna amabweretsera tambala, akuchikazi msoti, ndi mmene ankhoswe a mbali zonse amagawanirana nkhuku yootcha pamaso pa anthu kusonyeza kuti avomera kusenza banjalo. Mwana wathu atamasulira, bambo a mnyamata adakhala chete pang'ono, kenako adayankhula ndi mkulu wa operekera uja. Adandiikira m'mbale timinofu tiwiri tozungulira ta kumsana kwa nkhuku, pafupi ndi ntchafu. Afalansa amati wopusa yekha ndiye amatisiya pa fupa, ndipo dzina lake limatanthauza zomwezo. Ndidazindikira kuti andipatsa nthutumba ya kwawo.

Koma timabanzi tisanu tija tidali titakhazikika m'mimba. Ndidalimbana ndi ntchafu mpaka pakati, n'kugonja. Kwathu kusiya pang'ono m'mbale si mlandu, kumasonyeza kuti wakhuta ndipo ana apeza mkute. Kumeneko mbale ikabwerera kukhitchini ndi chakudya, ophika amafuna kudziwa chomwe chalakwika. Woperekera adawerama n'kufunsa mwaulemu ngati nkhukuyo sidandikomere. Mayi a mnyamata nkhope idasintha. Ndidaona kuti ndikapanda kuulula, anthuwa apita kwawo akuganiza kuti malume anyoza chakudya chawo. Ndidamuuza mwana wathu kuti amasulire mosachotsera kanthu: kuti ndidaona timandasi tija n'kuganiza kuti chakudya ndi chomwecho, ndipo ndidadzaza mimba ndi buledi poopa njala. Tebulo lonse lidaphulika ndi kuseka, mpaka a tebulo loyandikana adatembenuka. Bambo a mnyamata adandigwira paphewa n'kunena kuti iwonso adachita chimodzimodzi tsiku lawo loyamba. Ntchafu ija adandikulungira bwino, popeza kuyambira July 2021 lamulo la ku France limakakamiza malesitilanti kupereka chotengera kwa kasitomala wofuna kunyamula zotsala zake.

Mawu akuti tsiku lawo loyamba adandichititsa kufunsa kuti amabwera kangati. Yankho lake ndi lomwe lidasintha maganizo anga. Bambowo adagwira ntchito yokonza sitima za pamtunda mpaka kupuma. Mayiwo adali mphunzitsi wa pulayimale. Malo amenewo adali atadyako kawiri kokha moyo wawo wonse: atakwanitsa zaka 25 m'banja, ndi tsiku lomwe bambowo adapuma pantchito. Ulendo wachitatu udali wa ine. Nyumba yawo ndi kafulati ka zipinda ziwiri, ndipo mayiwo adati adaona kuti munthu wochokera kutali chonchi, woimira malemu bambo a mtsikana, sangamulandire ndi chakudya cha masiku onse. Ndidachita manyazi ndi zomwe ndidafunsa zija, zoti kodi ali ndi nyumba.

Chakudya chidali chisadathe. Kudabwera katebulo kena kodzaza tchizi za mitundu yoposa makumi awiri, zina zofewa ngati phala, zina zouma, zina za nguwi yobiriwira mkati. Imodzi mwa za nguwizo, Roquefort, amapangira mkaka wa nkhosa n'kuisunga m'mapanga, ndipo dzina lake lidatetezedwa ndi lamulo mu 1925. Fungo lake ndisanene zambiri, koma munthu wodya mfutso ndi usipa wouma sayenera kuseka mnzake. Ndidalawa kachidutswa kamodzi ka ulemu. Kenako zotsekemera, kenako khofi ndi timaswiti. Tidakhala pansi 8 koloko, tidadzuka itadutsa 11.

Potuluka ndi pomwe ndidaona mitengo. Lamulo la kumeneko limati lesitilanti iliyonse izipachika menyu ndi mitengo yake panja, pomwe wodutsa angawerenge. Polowa sindidayang'ane. Mndandanda womwe tidadya udali mayuro opitirira 200 munthu mmodzi, vinyo osawerengera. Ndidaima pamenepo n'kuyamba kuchulukitsa ndi anthu asanu ndi mmodzi, kenako kusinthira m'makwacha, kenako m'matumba a chimanga. Ndalama ya tebulo lathu ikadadyetsa banja la alongo anga chaka chathunthu, n'kutsalanso ya feteleza. Usiku umenewo tulo sitidabwere msanga. Ndidaganiza za anthu omwe ndimawaona atafola pa depoti mu February, ndi za ana asukulu omwe amapita m'kalasi m'mimba muli gwa.

Sindikuuzani kuti funso limeneli ndidalithetsa. Ndalamayo ndi yambiri ndithu, ndipo dziko lomwe ena amadya motere ena akugona ndi njala lili ndi chilema. Koma ndisanawaweruze asewere athu ndidadzifunsa kuti ife timawononga zingati pa ukwati umodzi, pa zovala za operekeza, pa holo, pa galimoto zobwereka, pa perekaniperekani wa maola anayi, nthawi zina ndi ngongole ya katapila. Iwo adasunga ndalama zawo miyezi ingapo n'kuzithera pa chakudya chimodzi cholemekeza mlendo. Ifenso timapha nkhuku yomaliza pakhomo chifukwa cha mlendo, ana n'kudya mutu ndi zipalapaso. Pamenepo sindidapeze mlandu woti ndiwapatse.

Masiku otsatira ndidafunsafunsa za chiyambi cha zonsezi. Mawu akuti lesitilanti omwe tidabwerekawa adabadwira ku Paris m'zaka za m'ma 1760, ndipo poyamba ankatanthauza msuzi wobwezeretsa mphamvu womwe ankagulitsa m'malo otere. Ufumu utagwa pa kuukira komwe kudayamba mu 1789, ophika ambiri a m'nyumba za olemekezeka adasowa mabwana, ndipo malesitilanti adachuluka. Dongosolo la m'khitchini, loti wina aziona msuzi yekha, wina nsomba, wina nyama yootcha, wina zotsekemera, onse pansi pa mkulu mmodzi ngati asilikali, adalikhazikitsa ndi Auguste Escoffier, yemwe adagwira ntchito pa hotela ya Savoy ku London kuyambira 1890 ndipo adatulutsa buku lake lalikulu la zophika mu 1903.

Nyenyezi zomwe malo otere amanyadira zimachokera ku kampani ya matayala. Mu 1900 abale awiri, André ndi Édouard Michelin, adayamba kugawa kabuku kothandiza oyendetsa galimoto kudziwa kokonzetsa, kogona ndi kodya, n'cholinga choti anthu aziyenda kwambiri matayala azitha. Nyenyezi zidayamba mu 1926, ndipo pofika 1931 zidafika zitatu. Oyendera ake amadya mobisa ngati makasitomala wamba. Ku Lyon amakumbukira kwambiri mayi wina, Eugénie Brazier, mwana wa kumudzi wa ku Bresse komweko yemwe adafika mumzindawo ngati wantchito wa m'nyumba. Mu 1933 adalandira nyenyezi zitatu pa malesitilanti ake awiri, zonse pamodzi zisanu ndi imodzi. Mmodzi mwa anyamata omwe adaphunzira kwa iye ndi Paul Bocuse, yemwe lesitilanti yake ya m'mbali mwa Saône idasunga nyenyezi zitatu kuyambira 1965 mpaka 2020, patatha zaka ziwiri iye atamwalira. Msika waukulu wa zakudya mu Lyon umatchedwa dzina lake.

Nyenyezizi zili ndi mbali yake yowawa. Mu February 2003 wophika wotchuka Bernard Loiseau adadzipha ali ndi zaka 52, pa nthawi yomwe kudali mphekesera zoti amulanda nyenyezi yachitatu. Bukulo litatuluka, nyenyeziyo idali ikadalipo. Mu 2017 wophika wina, Sébastien Bras, adapempha yekha kuti amuchotse m'bukulo chifukwa adatopa ndi kuphika mwamantha. Ndipo usiku uja, chitseko cha kukhitchini chitatseguka pang'ono, ndidaona kumapeto kwenikweni mnyamata wakuda ngati ine akutsuka mapoto aakulu. M'chipinda chodyeramo anthu akuda tidali awiri, ine ndi mwana wathu. Mnyamata uja sindidayankhule naye, koma ndimamukumbukirabe.

Chomwe ndabwera nacho kuno ndi nsanje. Pa menyu ija chilichonse chidali ndi kwawo: nkhuku ya ku Bresse, msuzi wa ku Nantua, tchizi ya ku Roquefort. Woperekera amadziwa chigwa chomwe batala wachokera. Ife tili ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, chambo cha m'nyanja yathu, khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, mbatatesi ya ku Dedza ndi Ntcheu, mtedza wa chalimbana, tsabola wa kambuzi, bowa wa utale nthawi ya dzinja. Koma lowani m'mahotela athu ambiri aakulu. Menyu yadzaza maina achingerezi ndi achitaliyana, nsima ili kumapeto kwa mzere itazizira, ndipo mukafunsa nkhwani wotendera amakuyang'anani ngati mwasochera. Mu 2010 bungwe la UNESCO lidalemba chakudya cha mwambo cha Afalansa pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa padziko lonse. Mu 2017 bungwe lomwelo lidalembanso nsima ya ku Malawi pa mndandanda womwewo. Afalansa ambiri za kwawozo amazidziwa. Ndi angati mwa ife tidamvapo za nsimayi?

Sindikunena kuti tiyambe kugulitsa mtanda umodzi pa mtengo wa mbuzi. Ndikunena kuti mayi wodziwa kuphika thelere la denje losapsa mtima, kapena chambo cha pamakala chosauma, ali ndi luso lofanana ndi la Eugénie Brazier, ndipo tikadamulemekeza ana ake sakadachita manyazi kuphunzira kwa iye. Asukulu zophunzitsa za mahotela, aphunzitseni ana athu zachifalansa, n'zabwino, koma muwaphunzitsenso kuika nkhuku yachikuda pa tebulo n'kutchula mudzi womwe yachokera.

Lamulungu masana tidabweza ulemu. Ufa uja udagwira ntchito. Mwana wathu adaphika nsima m'kakhitchini kake, nyemba, ndi masamba otendera omwe adapeza pamsika, ndipo ntchafu ya ku Bresse ija tidaitenthetsa n'kuigawa tizidutswa kuti aliyense alaweko. Ndidazungulira ndekha ndi beseni ndi jagi kuwasambitsa m'manja asewere athu. Panalibe foloko ngakhale imodzi. Bambo a mnyamata adatema mbamu yaikulu kwambiri n'kupsa zala, mayi ake nsima idawamatirira m'manja monse, ndipo agogo aja adafunsa ngati pali mpeni. Nthawi ino woyang'anitsitsa ndidali ine. Adamaliza mtanda umodzi umodzi, bambowo adawonjezera theka. Tsiku lotsatira adanditengera ku kafulati kawo, ndidaona khitchini yawo ndi zithunzi za makolo awo pakhoma.

Nditafika ku Dedza alongo anga sadadikire kuti ndivule nsapato. "Achimwene, mwawaona bwanji anthuwo?" Ndidawauza kuti ndi anthu, mwana wathu sakulowa m'thengo. Adafunsanso kuti adandipatsa chiyani, ndipo nditatchula nkhono adagwira pakamwa n'kunena kuti zimenezo ndisakauze a kumpingo. Za mtengo sindidawauze, ndipo ngati wina awawerengera tsamba lino, chonde ndime imeneyo mudumphe.

Chinkhoswe chidzachitika kumudzi mvula ikatha, ndipo asewere athu ati abwera onse, agogo omwe ngati adokotala awalola. Tambala ndawauza kuti adzagule konkuno. Mbewa sindidawalonjeze, koma ana a m'mudzi ayamba kale kufunsa ngati azungu aja adzalawe. Inu owerenga amene mudalandirapo akamwini kapena atengwa ochokera kunja, tilembereni mmene zidayendera pa nkhani ya chakudya. Tikumanenso sabata ya mawa.